Kodi Adadya Nsomba za Adona Ndani?

Amai anzanga, pali khalidwe lina limene tili nalo tonse, a m'tauni ndi a kumudzi omwe, ndipo ndi lakale ngati mtondo ndi munsi. Kanthu kakasoŵa panyumba, maso onse amathamangira kwa amene wabwera posachedwa. Shuga akachepa m'chitini, ndiye kuti ndi mtsikana wantchito. Nkhuku ikaleka kuoneka pakhomo, ndiye kuti ndi mwana wamasiye uja tidamtenga kwa alamu athu. Mtengwa akangoloŵa m'banja, mbale iliyonse yosweka imakhala yake. Kaŵirikaŵiri mlandu timaugamula tisanafunse n'komwe, pakuti wobwera alibe womuikira kumbuyo. Sabata ino ndafuna kuti ticheze za mlandu wotere, ngakhale kuti woimbidwa mlanduyo sadali munthu. Adali kamba wa m'madzi, ndipo odandaula adali eni ake a nsomba zodula zotchedwa koi.

Nkhaniyi idachitikira ku Johannesburg, kuja timati ku Joni. Makolo athu ankapitako kukatsika m'migodi ya golide kudzera ku Wenela ndi Theba, pamene ana ao ambiri a masiku ano amapitako kukagwira ntchito za m'nyumba ndi za m'minda ya maluŵa. Amuna anga ndi mmodzi mwa iwo. Adalembedwa ntchito yosamala kapinga, maluŵa ndi dziŵe la nsomba panyumba ina ya kumpoto kwa mzindawo, ndipo patapita zaka ziŵiri ine ndidaŵatsatira n'kuyamba kuchapa ndi kusita m'nyumba yomweyo. Tinkagona m'kanyumba ka kuseri, kaja kwathu timati boyizikota, ndipo zenera lathu lidapenya kudziŵeko. Motero ntchito yathu, pogona pathu, ndi fizi ya ana amene tidaŵasiya kwa agogo ao ku Zomba, zonsezi zidali m'dzanja la munthu mmodzi.

Dziŵelo silidali ngati maiŵe athu okumba ndi khasu kudambo. Lidali lomanga ndi simenti, lakuya kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu, lokhala ndi pampu yoyendetsa madzi usana ndi usiku ndiponso chosefera zinyalala. M'menemo munkasambira nsomba 14 zimene panalibe woganiza zozikazinga, chifukwa koi amaiŵetera kukongola kokha.

Kwao kwa nsombazi ndi ku Japan, m'chigawo cha Niigata, kumapiri a Ojiya ndi Yamakoshi kumene kumazizira koopsa. Alimi a mpunga a kumeneko ankaŵeta nsomba zakuda za mtundu wa carp kuti azidya nyengo yachisanu. Cha m'ma 1820 adayamba kuona kuti zina zikubadwa ndi maŵanga ofiira kapena oyera, ndipo m'malo mozidya ankazipatula kuti ziswane zokhazokha. M'chaka cha 1914 adakazionetsa pa chionetsero chachikulu ku Tokyo, ndipo kuyambira pamenepo mbiri yake idafalikira ponseponse. Ilipo yotchedwa Kohaku, yoyera mbee ya maŵanga ofiira psuu. Ilipo Sanke, imene imaonjezera timadontho takuda. Ndiponso Showa, yakuda bii yopakizidwa kufiira ndi kuyera. Koi yosamalidwa bwino imakula kupitirira theka la mita, n'kukhala ndi moyo zaka 30 mwinanso kuposera apo. M'chaka cha 2018 Kohaku imodzi idagulidwa ku Hiroshima pa mtengo wa ndalama za ku Japan zokwana 203 miliyoni, zimene zidali pafupifupi madola 1.8 miliyoni a ku America. Za adona athu sizidali za mtengo umenewo, komabe iwo ankakonda kunena kuti yaikulu ija imaposa malipiro a amuna anga a mwezi wathunthu. Iliyonse adaipatsa dzina, ndipo madzulo ankazidyetsa chakudya cha m'manja mwao.

Kamba adabwera ndi mvula yoyamba ya mu Okutobala, imene kwathu tikadati chizimalupsa. Kuseri kwa mpanda, kutsika pang'ono, kumadutsa kamtsinje kotchedwa Braamfontein Spruit, kamene kamakathira mu mtsinje wa Jukskei. Akamba a mtundu umenewu, amene akatswiri amaŵatcha Pelomedusa, madzi akaphwa amadzikwirira m'matope kapena m'dothi n'kukhala phee miyezi ingapo. Mvula ikagwa amatuluka n'kuyenda pamtunda kufunafuna madzi. Ameneyu adapeza chiboo chotulukira madzi a mvula pansi pa mpanda, n'kuloŵa. Akuluakulu adati madzi saiŵala khwaŵa, ndipo ine ndidaona kuti zamoyo za m'madzi nazo siziiŵala.

Si nkhasi ija ya kunyanja kwathu ya chigoba chofeŵa ai, ndiponso si fulu wa kumtunda wa msana wotumphuka. Chigoba chake ndi chathyathyathya, chamtundu wa matope, chachikulu ngati mbale ya ndiwo, masentimita ngati 20. Fulu akaopa amabweza mutu molunjika, koma uyu amapinda khosi chambali n'kubisa mutu kunsi kwa mlomo wa chigoba. Zala zake ndi zolumikizana ngati za bakha, zili ndi zikhadabo zakuthwa, ndipo kunsi kwa chibwano kuli tindevu tiŵiri. Tsiku limene amuna anga adayesa kumtola, adatulutsa timadzi tonunkha kotero kuti sopo adalephera mpaka madzulo. Pamenepo ndidazindikira kuti amene adapeka mwambi wakuti kamba amanyera amene wamtola adali atamtoladi.

Poyamba adona adamsekerera mlendoyo, mpaka kumjambula zithunzi. Miyezi itatu idatha mwamtendere. M'maŵa kamba ankakwera pamwala kuothera dzuŵa, miyendo ali tambasu, ndipo munthu akayandikira ankangoti chubwi m'madzi. Nthaŵi ya chakudya ikakwana ankabwera pamodzi ndi nsomba kudzatola timibulu toyandama, ndipo nsomba zazikulu zinkamkankha ngati mwana pamzere wa pachigayo. Pazenera pathu ndinkamuona akuyenda pansi pa madzi kutola nkhono, ambululu, nyongolotsi ndi tizilombo tina. Koi yathanzi ndi yaliŵiro kuposa iye, ndipo sindidamuonepo akuithamangitsa.

Tsono mu Januwale nsomba imodzi ya msinkhu wapakati idasoŵa. Patapita masiku anai inanso idasoŵa. Yachitatu idapezeka m'maŵa itafa, ikuyandama, ndipo kamba adali pomwepo akuinyotsola pamimba. Adona adaona ndi maso ao, ndiye panalibenso chofunsa. Adaitana amuna anga n'kuŵauza kuti pofika Lachisanu chinthu chimenecho chikhale chitachoka, chamoyo kapena chakufa, ndiponso kuti nsomba ina ikangotayika adzakhala pansi kuti aonenso za ntchito yao.

Usiku umenewo nsima idatsala m'mbale. Amuna anga adati, "Mai, nanga titani? Ine kupha chinthu chimene sindidachione chikupha, mtima ukukana. Koma ana aja adzadya chiyani ntchito ikatha?"

Ine ndidati, "Bambo, tiyeni tiyambe tadziŵa wakuba. Tikamchotsa kamba pamene wakudya nsomba ndi wina, sabata yamaŵa inanso idzasoŵa. Ndipo kamba atachoka, wotsala woti amloze chala pakhomo pano ndani? Si inu ndi ine?"

Sindidalankhule zimenezi chifukwa cha chifundo chokha. Ine ndidakulira kufupi ndi Domasi, kumene kuli malo a boma ophunzitsa ulimi wa nsomba, ndipo bambo anga adali ndi maiŵe aŵiri a makumba ndi chilunguni. Ntchito yanga ndili mtsikana idali kuwaza madeya m'maŵa ndi kuzungulira dziŵe kuona zimene zachitika usiku. Bambo ankatiphunzitsa kuti wakuba aliyense amasiya chizindikiro chake. Katumbu amabwera usiku, amakokera nsomba pamtunda, ndipo m'maŵa mumapeza mutu, mamba ndi ndoŵe zake pamenepo. Ng'anzi imasiya mzere wa mchira pamatope. Munthu amasiya mapazi ndi madzi ovunduka, ndipo satenga imodzi. Nantchengwa amangofuna achule ndi tinsomba ting'onoting'ono. Kamba alibe mano, amaluma ndi mlomo wake wolimba n'kumang'amba ndi zikhadabo, motero amasiya zipsepse zong'ambika ndi zinyenyeswa m'madzi. Koma kakoŵa wamkulu wotuwa uja amameza nsomba yathunthu kuyambira kumutu, osasiya ngakhale mamba. Ikamkulira amangoibaya ndi mlomo n'kuisiya ndi bala lakuya pamsana.

M'maŵa mwake tidaitenganso nsomba yakufa ija m'mene adaitaya n'kuiyang'anitsitsa. Pamimba padalidi ponyotsoka, koma kumbuyo kwa mutu kudali bala limodzi lozungulira, lakuya ngati lobaya ndi msomali waukulu. Ziŵiri zosoŵa zija sizidasiye fupa kapena chipsepse. Kamba wa msinkhu wa mbale sangameze nsomba yotalika ngati dzanja ndi mkono wa mwana.

Tidagwirizana zolaŵira. Tsiku loyamba tidakhala pazenera kuyambira 4 koloko mbandakucha, osaona kanthu. Tsiku lachiŵiri, kunja kukungoyamba kuyera, chimbalame chotuwa chotalika pafupifupi mita imodzi chidatera pakapinga. Chidayenda pang'onopang'ono ngati mkulu wa mpingo, n'kuloŵa pamalo osaya pamene padali sitepe ya simenti, n'kuima chilili osagwedezeka. Nsomba zozoloŵera kudyetsedwa ndi munthu zikaona chithunzithunzi m'mbali mwa dziŵe zimathamangira komweko, poyesa kuti chakudya chabwera. Khosi lija lidangoti thyo, nsomba ili kukamwa. Amuna anga adajambula zonse pa foni, kenaka adatuluka n'kuchiingitsa chisanameze. Nthaŵi yonseyo kamba adali m'tulo pansi pa madzi.

Adona adaonera kaŵiri zimene zidajambulidwazo. Sadapepese, ndipo ife sitidayembekezere kuti apepese. Adangotulutsa ndalama n'kunena kuti tikagule ukonde. Za Lachisanu zija sadazitchulenso.

Komabe, amai anzanga, ndisakunamizeni kuti kamba ndi woyera mtima. Amadya nyama, ndipo akapeza mpata sausiya. Tiana ta nsomba amatigwira, nsomba yodwala yogona pansi amailuma zipsepse, ndipo yakufa saikana. Ku Etosha, m'dziko la Namibia, akamba a mtundu womwewu amadziŵika ndi kugwira njiŵa zikamamwa madzi, n'kuzikokera pansi ali gulu. Ku Hluhluwe-iMfolozi, ku South Africa konko, adaonedwa akuchotsa nkhupakupa pathupi pa njiri zosamba m'thope. Ndi chilombo chodya chimene chapezeka. Kunena kuti sadaphe nsomba zitatu zija sikutanthauza kuti sangalakwe maŵa. Kukungotanthauza kuti wopezeka pamaliro si ndiye wapha, ndipo mlandu uliwonse uyenera kukhala ndi umboni wakewake.

Chifukwa chake ntchito yeniyeni idayamba mlandu utatha, ndipo apa ndi pamene inu amene muli ndi maiŵe mungatolepo kanthu. Ukonde tidaukweza pamitengo kuti usakhudze madzi, ndipo mbali imodzi tidasiya kampata pansi. Kamba amapuma mpweya ngati ife, motero akakodwa mu ukonde pansi pa madzi amamira. Pamalo osaya paja tidazunguliza chingwe cha mbedza kufika m'maondo, chifukwa kakoŵa amakonda kutera pamtunda n'kuyenda kuloŵa m'madzi, ndipo chingwe chikamgunda miyendo amabwerera. Pansi pa dziŵe tidaikapo zidutswa za mapaipi akuluakulu kuti nsomba zizibisalamo. Pakona ina tidatsamiritsa chipika kuchokera m'madzi kufika pamtunda, pakuti khoma losalala la simenti kamba sangalikwere, ndipo wopanda potulukira amafooka n'kufa. Chipika chomwecho chidasanduka pootherapo pake.

Nsomba zikaikira mazira tinkachotsa zomera zimene mazirawo adamatirira n'kuziika m'thanki ina, ndipo tiana tinkatibwezera titakula ngati chikhatho. Apa ndidaphunziranso china: amene amatha mazira ambiri a koi ndi koi zomwezo, zimene zimadya mazira ao ndi ana ao omwe. Nsomba yodwala tinkaipatula msanga, yakufa tinkaichotsa tsiku lomwelo. Popeza kamba amadya mosasamala ndipo amadetsa madzi, amuna anga adayamba kutsuka chosefera kaŵiri pa sabata m'malo mwa kamodzi. Mu Juni ndi Julaye, pamene chisanu cha ku Joni chimayeretsa kapinga m'maŵa, madzi akazizira kutsika pa madigiri 10 koi zimaleka kudya ndipo sizifunika kuzikakamiza. Kamba naye ankasoŵa nyengo imeneyo. Amuna anga adampeza atadzikwirira pansi pa masamba ouma pakona ya mpanda, ndipo kuyambira pomwepo pakona imeneyo sankakumbapo mpaka mvula itagwa.

Zilipo zina zitatu zimene mai aliyense ayenera kudziŵa. Choyamba, akamba amanyamula tizilombo totchedwa Salmonella, toyambitsa kutsekula m'mimba ndi kutentha thupi, ngakhale iwo eni akuoneka athanzi. Ku America vutoli lidakula mwa ana kotero kuti m'chaka cha 1975 boma lidaletsa kugulitsa tiakamba tochepera mainchesi 4, ndiye kuti masentimita 10, chifukwa ana ankatiika m'kamwa. Mwana akagwira kamba kapena madzi a m'dziŵe asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya. Chachiŵiri, kumnyamula kamba kukamtaya kutali si chifundo monga ambiri amaganizira. Amayesa kubwerera kumene akudziŵa, ndipo ambiri amathera pamseu. Ngati n'kofunikadi kumchotsa, apite kumadzi apafupi kumene adachokera. M'chigawo cha Gauteng, kumene kuli Johannesburg, kusunga zokwaŵa za m'tchire kumafuna chilolezo cha boma, choncho ife sitidamtsekere ndipo chiboo chake tidachisiya chotsekula. Chachitatu, si kamba aliyense wa m'dziŵe la m'tauni amene ali wa m'dzikomo. Alipo wina wa kamzere kofiira kumbuyo kwa diso, wochokera ku America, amene anthu amagula ali wamng'ono n'kudzamtaya akakula. Ameneyo amalanda malo a eni nthaka, ndipo South Africa idamuika pa mndandanda wa zamoyo zobwera zoononga. Wotereyo ngwoyenera kukamnena kwa oyang'anira zachilengedwe, osati kumponya mumtsinje.

Madzulo ena ndikuanula zovala ndidayamba kuŵerenga m'mutu amene tidali pabwalo lija. Nsomba zidachokera ku Japan. Maluŵa ambiri a m'mbali mwa dziŵe mbeu yake idachokera kutsidya kwa nyanja. Eni nyumba makolo ao adabwera pa sitima, ndipo ife tidabwera pa basi kudzera ku Mwanza ndi Beitbridge. Mzinda womwewo udayamba m'chaka cha 1886 golide atapezeka, pamalo pamene padali tchire, minda ndi madambo. Mwa tonsefe, amene makolo ake adakhalapo kuyambira kale ndi kamba uja, ndipo ndiye amene adatchedwa mlendo ndi mbala. Kwathu kuno nkhaniyi idayenda mwina. Carp, mbale wake wa koi, adaibweretsa ku Malaŵi m'chaka cha 1976 kuchokera ku Israel kuti alimi aziŵeta, koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma lidaletsa poopa kuti ingaloŵe m'nyanja n'kusokoneza chambo ndi nsomba zina zimene sizipezeka kwina kulikonse. Pamenepo wobwera ndiye adali woopsa kwa mwini malo. Tsono kukhala mlendo kapena mwini nthaka pakokha sikunena za kulakwa kapena kusalakwa. Chofunika ndi kuona chimene aliyense amachitadi.

Ndi chifukwa chake ndalemba nkhaniyi patsamba lathu lino, ngakhale ambiri a ife sitidzaŵetako koi. Inu amai a m'magulu a ulimi wa nsomba, makumba akayamba kuchepa musathamangire kupha chilichonse chimene mwachipeza m'madzi, kapena kukayikira mnzanu amene adali ndi udindo wodyetsa sabata imeneyo. Zungulirani dziŵe m'maŵa mame asanagwe, yang'anani pamatope, tembenuzani nsomba yakufa muone bala lake, ndipo ngati n'kotheka mulaŵire masiku aŵiri kapena atatu. Wakuba wa m'dziŵe amabwera pa ola lake, ndipo amabweranso.

Ndipo inu amene muli ndi mtsikana wantchito, mwana wa malemu achemwali, kapena mtengwa wongobwera kumene, muli ndi mphamvu yaikulu kuposa m'mene mumadziŵira. Mau anu amodzi onena muli wokwiya angamchotsere munthu pogona, sukulu kapena banja. Musanatchule dzina, dzifunseni mafunso atatu. Kodi ndaona chiyani ndi maso anga? Kodi chimene ndaonacho ndi kuba kwenikweni, kapena ndangompeza munthu ali pafupi ndi chotayikacho? Nanga alipo wina wozoloŵereka pakhomo pano amene sindikufuna kumganizira? Nthaŵi zina shuga amatha ndi mwana wathu wobala tekha, ndipo ndalama ya pansi pa mtsamiro imapita ndi bambo a m'nyumba momwemo. Kufufuza kumatenga masiku aŵiri kapena atatu, koma dzina la mbala mukampatsa mwana wa eni amakula nalo, ndipo ngakhale choona chidzadziŵike, amene adamva bodza lija si onse adzamve kukonza kwake.

Mukapeza kuti wobwerayo ali ndi zofooka zake, monga kamba ali nazo, konzani malo kuti mukhalirane. Zosakhalitsa zisungeni patali, muuzeni malire momveka, ndipo mumsiyire potulukira mwaulemu ngati zakanika. Zimenezi n'zotheka m'dziŵe la simenti, ndipo n'zothekanso pakhomo panu ndi panga.